Mulungu wa Bambo ndi Mulungu wa Mwana: Kuunika Buku la Purple Hibiscus

Munthu amene wakulira pansi pa chipembedzo cha malamulo okhwima, tsiku limene goli lathyoka amatsala ndi funso lalikulu. Kodi Mulungu watsala komwe iye wachokako, kapena angathe kumpezanso kwina? Funso limeneli ndilo tsinde la nthano yaitali yotchedwa Purple Hibiscus, yomwe analemba Chimamanda Ngozi Adichie wa ku Nigeria. Mlembiyu anabadwa mu 1977 ndipo anakulira ku Nsukka, kumene kuli sukulu ya ukachenjede. Bukuli, lomwe ndi loyamba mwa nthano zake zazitali, linasindikizidwa mu 2003, ndipo mu 2005 linalandira mphotho ya Commonwealth Writers' Prize ya buku loyamba lopambana. M'chimangirizo chino tiona momwe mlembiyu wayankhira funso lija kudzera mwa ana awiri a bere limodzi, ndiponso pamene yankho lakelo lalimba ndi pamene lafooka.

Wofotokoza nkhani ndi Kambili Achike, mtsikana wa zaka 15, yemwe akukhala mumzinda wa Enugu ndi makolo ake komanso mlongo wake Jaja wa zaka 17. Bambo awo, a Eugene, ndi mwini mafakitale ndiponso mwini nyuzipepala ya Standard yomwe imadzudzula boma la asilikali mopanda mantha. Ndi Mkatolika wodzipereka, wopatsa, wolipirira sukulu ana a anthu ambiri, kotero kuti wansembe wa parishi yawo, Bambo Benedict, amawatchula paguwa monga chitsanzo cha mkhristu weniweni. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene akumenyera ufulu wa dziko lonse ndi yemweyo amene walanda ufulu anthu atatu a m'nyumba mwake.

Choyamba choyenera kuchimvetsa n'chakuti bukuli silikuimba mlandu mpingo wa Katolika. Azakhali a anawa, mayi Ifeoma, nawonso ndi Mkatolika, koma kwawo anthu amaseka. Gulu lokhwimitsa malamulo m'nkhaniyi ndi nyumba ya a Eugene yeniyeniyo, ndipo mlembi waipatsa zizindikiro zonse za magulu otere. Muli mtsogoleri mmodzi wosafunsidwa chifukwa. Muli ndandanda yomata pakhoma yonena nthawi yodzuka, yowerenga, yopemphera ndi yogona. Muli kudzipatula, pakuti agogo a anawa, a Papa-Nnukwu, amene anakana kusiya chipembedzo cha makolo, saloledwa kuponda pakhomopo, ndipo adzukulu akapita kukawaona kumudzi ku Abba amapatsidwa mphindi 15 zokha, osadya kapena kumwa kalikonse. Mulinso kunyoza chiyankhulo cha makolo. A Eugene safuna kuti ana awo aziyankhula Chiigbo pagulu, ndipo Bambo Benedict amaumiriza kuti mapemphero ena a pa Misa azinenedwa m'Chilatini, chonsecho msonkhano waukulu wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 unali utatsegula kale khomo la ziyankhulo za eni dziko.

Luso lalikulu la mlembi laonekera pa momwe wasonyezera kuti m'maganizo a Kambili, Mulungu ndi bambo ake analukana ngati chingwe chimodzi. A Eugene akamamwa tiyi amapatsako ana awo kuti apsontheko monga chizindikiro cha chikondi. Tiyiyo amakhala wotentha, amaotcha lilime, koma Kambili amakondwa chifukwa waphunzira kuti chikondi chimadziwika ndi ululu wake. Zilango nazo zimadza m'dzina la Mulungu. Jaja ali ndi zaka 10 anapundulidwa chala chaching'ono cha ku dzanja lamanzere chifukwa cholakwa mafunso awiri a katekisimu. Kambili atadya pang'ono Misa isanayambe kuti amwere mankhwala, lamba anagwira ntchito pa iye, pa Jaja ndi pa mayi awo omwe, pakuti lamulo la kusala chakudya kwa ola limodzi munthu asanalandire Ukaristia linali litaswedwa. Mayi Beatrice atapita padera chifukwa cha kumenyedwa, banja lonse linauzidwa kupemphera kuti Mulungu awakhululukire mayiwo. Mwana wokulira m'zoterezi sangathe kusiyanitsa kuopa Mulungu ndi kuopa lamba.

Komabe mlembi sanawajambule a Eugene ngati chilombo kapena wachinyengo wamba. Akamathira madzi owira pa mapazi a Kambili, chifukwa chogona nyumba imodzi ndi agogo ake amene iwo amawatcha wachikunja, misozi imakhala ikutsika m'masaya mwawo. Pambuyo pake akumuuza mwanayo kuti iwonso ali mnyamata, wansembe amene ankawalera anawaviika manja m'madzi otentha atawapeza akuchimwa, ndipo amakhulupirira kuti anawachitira zabwino. Apa tikuona gwero la nkhanza zawo. Munthu wolangidwa uja wasanduka wolanga, ndipo akuchita zonsezi ndi mtima woona. Chimenechi ndicho chimachititsa kuti kuchoka kukhale kovuta. Mtsogoleri wachinyengo n'ngosavuta kumuthawa ukamuzindikira, koma amene akukupweteka akulira, uku akunena kuti akupulumutsa mzimu wako, amakusiya ukudziimba mlandu wekha.

Kukayika kwa anawa kunayambira ku Nsukka, m'kanyumba kothithikana ka azakhali awo, omwe ndi mphunzitsi pa sukulu ya ukachenjede ndiponso mayi wamasiye. Kumeneko madzi ndi osowa, nyama ndi yowerenga nthuli, koma asuweni awo, Amaka, Obiora ndi Chima, amatsutsana ndi mayi awo pa chakudya popanda wokwapulidwa. Popemphera korona amalowetsamo nyimbo za Chiigbo, ndipo amapempha Mulungu kuti awapatse chimwemwe ndi kuseka, pempho limene Kambili anali asanalimvepo. Tiyenera kuzindikira kuti palibe munthu ku Nsukka amene anawalalikira anawa kuti bambo awo ndi olakwa. Chimene chinagwedeza maziko ndi kuona ndi maso anthu opembedza Mulungu yemweyo mosanjenjemera. Ichi ndicho chifukwa chake atsogoleri okhwimitsa malamulo amaletsa anthu awo kucheza ndi akunja: amadziwa kuti maso akaona, mtima suiwala.

Chochitika chozama kwambiri m'gawo limeneli ndi cha m'mamawa wina pamene azakhali anamudzutsa Kambili kuti akaone agogo ake akupemphera pakhonde. Mtsikanayo ankayembekezera kuona zoopsa za chikunja. M'malo mwake anamva nkhalamba ikuthokoza Chineke, ndiye kuti Mlengi, chifukwa cha tsiku latsopano, ikunena kuti siinalande munda wa munthu, ndi kupempherera ana ake onse, kuphatikizapo a Eugene amene anaitaya. Pomaliza nkhalambayo inali ikumwetulira, ndipo Kambili anakumbukira kuti kwawo palibe amene amamwetulira akatha korona. Kuyambira pamenepo mpanda umene bambo ake anamanga pakati pa opulumuka ndi otayika unayamba kugwa. A Papa-Nnukwu atamwalira, Kambili anatenga chithunzi chawo chimene Amaka anajambula n'kupita nacho ku Enugu, ndipo bambo ake ataching'amba, iye anadzigwetsa pa zidutswazo osadzuka ngakhale ankamupondaponda mpaka kukagonekedwa kuchipatala. Uku kunali kukana kwake koyamba.

Kuchokera apa njira za ana awiriwa zikupatukana. Jaja akuchoka poyera. Bukuli likutsekuka pa Lamulungu la Kanjedza pamene mnyamatayu wakana kukalandira Ukaristia. Bambo ake atamuopseza kuti kusiya kulandira ndi imfa, iye akuyankha kuti ali wokonzeka kufa, ndipo buku la mapemphero limene bambowo akumugenda nalo likuphonya n'kuphwanya tizidole ta mayi ake. Popeza Jaja anaphunzitsidwa kuti mawu a bambo ndiwo mawu a Mulungu, pokana bambo wakananso Mulungu. A Eugene atamwalira, iye akufunsa chifukwa chimene Mulungu analolera kuti Yobu, mtumiki wake wokhulupirika, azunzike, ndiponso chifukwa chimene chipulumutso chinafunikira imfa ya Mwana wake. Mafunso amenewa si achibwana. Akutuluka m'kamwa mwa mwana amene wakula akuona atate akupweteka mwana wawo n'kumati n'chikondi. Koma taonani chimene Jaja akuchita zitadziwika kuti mayi ake ndiwo ankathira chiphe mu tiyi wa amuna awo: akuuza apolisi kuti wapha ndi iye, ndipo akukhala m'ndende pafupifupi zaka zitatu. Mnyamata wokana nsembe ya pamtanda wadzipereka nsembe chifukwa cha tchimo la wina. Mlembi akutionetsa kuti munthu atha kutuluka m'chipembedzo, koma zimene chinadzala mwa iye zimatsalira m'zochita zake.

Kambili akutsata njira ina, yomwe ndi yapang'onopang'ono. Iye sakutaya Mulungu, koma akugwira ntchito yowawa yomulekanitsa ndi bambo ake. Akumuthandiza ndi Bambo Amadi, wansembe wachinyamata amene amaimba nyimbo za Chiigbo pa Misa, amasewera mpira ndi anyamata osauka, ndipo amamufunsa mafunso m'malo momupatsa malamulo. Pa ulendo wa ku Aokpe, kumene anthu ankati Amayi Maria akuonekera, Jaja akukana kupita, koma Kambili akupita ndipo akubwerako ali wotsimikiza kuti waona chinachake. Kwa nthawi yoyamba ali ndi chikhulupiriro chimene sanachilandire kwa bambo ake. Ngakhale zili choncho, kumapeto kwa buku akupereka Misa Lamulungu lililonse kupempherera mzimu wa bambowo, akulakalaka kuwaona m'maloto, ndipo zimenezi akumubisira Jaja. Owerenga ena amakhumudwa ndi chikondi chimenechi, koma apa ndipo mlembi wanena zoona kwambiri. Amene wachoka pagulu lomwe linamulera amalisowa ngakhale linamuzunza, pakuti kumeneko n'kumene anaphunzira kupemphera, kuimba ndi kukonda.

Si mwangozi kuti mutu wa gawo loyamba la bukuli ukunena za kuphwanya milungu, ndipo wa gawo lachitatu ukunena za zidutswa za milungu. Mlembi wasankha mawu ochulukitsa. Chimene chasweka pa Lamulungu la Kanjedza ndi mafano amene banjali linkagwadira: ulamuliro wa a Eugene, ulemu wa pamaso pa anthu, ndi chete amene ankaphimba mabala. Jaja akuona zidutswazo n'kunena kuti palibenso chotsala. Kambili akuziona n'kuyamba kufunafuna Mulungu amene sanali m'gulu la zoswekazo. Mpofunikanso kuyerekeza bukuli ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe la mu 1958, limene chiganizo choyamba cha Adichie chikulikumbutsa dala. M'buku la Achebe, Nwoye akuthawa bambo ake ankhanza, Okonkwo, n'kukabisala m'tchalitchi. M'buku la Adichie, bambo wankhanza ndiye wa m'tchalitchi, ndipo mwana akupeza mpumulo pomva pemphero la agogo osabatizidwa. Mabuku awiriwa pamodzi akuphunzitsa kuti nkhanza zilibe chipembedzo chakechake, zimavala chilichonse chimene zapeza.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Choyamba, kutsitsimuka kwa chikhulupiriro cha Kambili kwasakanikirana ndi chikondi chake pa Bambo Amadi, mwakuti wowerenga atha kufunsa ngati mtsikanayu wapezadi Mulungu kapena wangosintha munthu womupembedza. Wansembeyu wajambulidwa wopanda banga, ndipo ngakhale atapita kukatumikira ku Germany, makalata ake ndiwo akumugwiriziza Kambili. Chachiwiri, popeza zonse tikuzionera m'maso mwa Kambili, nkhondo ya mumtima mwa Jaja tikungoimva kunja kwa chitseko. Kukayika kwake kunayenera kupatsidwa malo okwanira monga momwe kukhulupirira kwa mlongo wake kwapatsidwira. Chachitatu, imfa ya a Eugene yadza mothamanga, ndipo yawalanda anawa mwayi woyang'anizana nawo maso ndi maso. Ambiri amene amachoka m'magulu otere amakhalabe moyandikana ndi amene anawasiya, kukumana nawo pamaliro ndi pamsika, ndipo mayeso amenewo bukuli lawalambalala.

Zofookazi sizikuchotsa phindu la nthanoyi. Mlembi wakana kuweruza pakati pa Jaja ndi Kambili. Sananene kuti wokayika ndi wotayika, ndiponso sananene kuti wokhulupirira ndi wopusa. Amaka, amene akukana kulandira sakramenti la Ulimbitso chifukwa choumirizidwa kusankha dzina la Chingerezi, akutionetsa njira inanso, ya munthu wotsutsa ali m'kati mwa mpingo. Duwa la hibiscus la mtundu wa pepo, limene Jaja analitenga m'dimba la azakhali n'kukalidzala ku Enugu, ndi lachilendo, lochita kupangidwa ndi katswiri wa zomera, ndipo limafuna chisamaliro kuti liphuke. Chimodzimodzinso ufulu wa chikumbumtima umene anawa aupeza. Wophunzira amene awerenga bukuli mofatsa adzatsala ndi funso loti adzifunse yekha: pa zimene ndimakhulupirira, ndi ziti zimene ndazigwira chifukwa choopa munthu, nanga ndi ziti zimene ndingazisungebe munthuyo atachoka?