Setifiketi M'cikwama, Manja M'thumba

Sabata lina titatuluka m'mapemphero, mtsikana wina wa m'kwaya yathu anandionetsa setifiketi yake. Anaikulunga bwinobwino m'pulasitiki, naisunga pakati pa buku la nyimbo. Anaphunzira zosoka kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndalama za kukoleji, za cakudya ndi za pogona zinacokera ku CDF. Ndinamuyamikira, kenaka ndinamfunsa kuti nanga yunifomu ya kwaya atisokera liti. Iye anangoseka, nati, "Abambo, ndisokera ciani? Makina ndilibe." Apa n'kuti patapita caka cathunthu cibwerereni kukoleji. Nchito imene anali kugwira ndi yakale yomwe ija, ganyu wopalira soya m'minda ya eni ake.

Mtsikana ameneyu ndiye wandigwiritsa colembera. Ena adzati ndikunyoza boma, koma paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tiyambe ndi kuyamika, cifukwa coyamika cilipo. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, limene tonse tingoti CDF, linayamba mu 1995, koma kwa zaka zambiri linali kathumba cabe. Mu 2021 dera lililonse linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazi zinalumpha kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Malamulo a mu 2022 anati gawo limodzi mwa magawo asanu lipite ku mabasale, ndiko kuti kulipirira ana osauka a ku sekondale zogonera komweko, ndi acinyamata ofuna kuphunzira nchito zamanja. Caka cimeneco maboma athu atatuwa anali ndi madera asanu: Mkaika ndi Milanzi ku Katete, Sinda ndi Kapoche ku Sinda, ndiponso Vubwi. Dera lililonse linali ndi ndalama zoyandikira K5 miliyoni za mabasale okha. Mu Januwale caka comweco boma linacotsanso malipiro a sukulu mpaka Giredi 12. Funsani makolo anu za m'ma 1990, mmene anali kugulitsira mbuzi ndi nshawa za mbeu kuti mwana asathamangitsidwe m'kalasi. Malipiro a Giredi 1 mpaka 7 anacotsedwa mu 2002, koma a sekondale anatsala, ndipo anagwetsa ana ambiri anzeru. Amene akuti palibe casintha sakunena zoona.

Tsono vuto lili pati? Lili apa: thandizoli limaperekeza mwana mpaka pa cipata ca koleji, limamdikira amalize, kenaka limatsazika pomwepo. Pa wailesi timamva kawirikawiri kuti dera lakuti latumiza acinyamata mazana akutiakuti kukaphunzira. Anthu amaomba m'manja. Koma ndani amabweranso patapita caka kudzatiuza kuti mwa mazana aja, angati akudya thukuta la luso lao? Mlimi sawerengera zitini za mbeu zimene wabzala. Amawerengera ngolo zimene zalowa m'nkhokwe. Ife tazolowera kuwerenga mbeu.

Kalipentala wopanda sowo ndi pulena ndi munthu wamba. Telala wopanda makina cimodzimodzi. Ndipo luso lamanja limathawa msanga kuposa mmene tiganizira: dzanja limene lakhala zaka ziwiri osagwira cipangizo limaiwala. Ambiri amene ndawaona akubwera ku makoleji abwera ndi pepala lokha. Mukawafunsa za zida, akuuzani kuti anauzidwa kuti akapemphe ku gawo lina la CDF, lija la mphatso ndi nkhongole za acinyamata ndi amai. Gawolo lilikodi, nalonso ndi limodzi mwa magawo asanu. Koma ndi khomo lina, lokhala ndi mzere wake. Kumeneko afuna kagulu kolembetsedwa kapena bizinesi yolembetsedwa, akaunti ya kubanki, ndi pepala lolongosola mmene bizinesiyo idzayendera. Mnyamata wa kwa Pembamoyo amene wangobwera kumene, m'thumba mulibe ngakhale ya sopo, ayambenso maulendo a mapepala, ndipo akafika pamzere apeza akupikisana ndi anthu okhala ndi magolosale kale. Amene boma lamphunzitsa ndi ndalama zake, boma lomwelo silimdziwa akafika pa khomo laciwiri.

Cimene cimandidabwitsa koposa ndi ici. Gawo lalikulu la CDF, magawo atatu mwa asanu, limamanga makalasi, nyumba za aphunzitsi, zipinda za amai oyembekezera, ndi kugula madesiki. Thumba limodzi lomwelo likuphunzitsa omanga nyumba, opala matabwa ndi owocherera zitsulo. Kodi si canzeru kuti kontrakita aliyense wopatsidwa nchito yomanga kalasi m'wadi alamulidwe, m'cipangano cake, kulemba acinyamata a m'wadiyo amene anaphunzira pa basale? Kodi madesiki a sukulu ya kwa Kawaza sangapangidwe ndi ana a kwa Kawaza? Koma dzanja lamanja likulipira maphunziro, lamanzere likulipira zomanga, ndipo manja awiriwa sapatsana moni. Mnyamata wa setifiketi ya zomangamanga amaima pamsewu kuonerera anyamata ocokera kutali akuyala njerwa pasukulu imene iye anaphunzirapo Giredi 1. Akapatsidwako nchito, ndi yotunga madzi.

Maganizo anga ndi akuti zida zoyambira nchito zikhale mbali ya basale yeniyeniyo, zoperekedwa tsiku lolandira setifiketi. Ndidziwa yankho lake: ndalama sizingakwane. Cabwino, ngati sizikwana, atumize ocepa. Asanu ndi atatu obwera ndi makina aposa khumi obwera ndi mapepala. Mau amenewa ndi owawa, maka kwa awiri otsalawo, ndipo wandale aliyense amakonda nambala yaikulu. Koma awiriwo angadikire caka camawa ndi ciyembekezo, pamene khumi aja mwai wao watha, poti basale sabwereza kawiri kwa munthu mmodzi pamene ena ali pamzere.

Pali nkhani inanso, ya maphunziro amene tikusankha. Apa mlandu si wa boma lokha, ndi wathunso. Mmodzi akasankha zosoka, mudzi wonse zosoka. Koma pamsika wa Katete kapena wa Sinda, ndani asoketsa malaya pamene salaula ili pomwepo pamtengo wochipa? Telala wa kumudzi amapulumukira pa mayunifomu a sukulu, a kwaya ndi a zigwirizano za amai, ndipo nchito imeneyo siingadyetse matelala makumi awiri m'wadi imodzi. Anyamata naonso athamangira kuyendetsa makina akuluakulu okumba, maso ali ku migodi ya ku Solwezi. Angapo amapita n'kupeza mwai. Otsala ali pano, ndipo m'mudzi mulibe makina otere oti akumbukirirepo. Owocherera anaona okha mu 2024, caka ca cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse: madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo nchito inaima.

Yang'anani tsono zimene zatizungulira. Njinga zamoto zadzaza m'misewu ya kumidzi mpaka ku Chanida, ndipo zimaonongeka tsiku ndi tsiku. Mijigo ikafa, amai amabwerera kudambo miyezi ingapo kudikira wokonza. Masola ali pa madenga, mapampu a sola ali m'madimba. Timalima mpendadzuwa, soya ndi nshawa, n'kugulitsa zosakonza kwa ogula a pasikelo, kenaka n'kukagula saladi m'botolo pamtengo wokwera. Ng'ombe zimafa ndi matenda a nkhupakupa. Nchito zili pamenepa, zoti munthu angadye nazo osacoka kwao. Komiti ya CDF isanavomereze maina, ikadayamba yafunsa wadi iliyonse kuti ndi amisiri ati akusowa, ndipo mabasale akadatsata yankho limenelo. Pano amatsata malo amene makoleji ali nao.

Khomo lolowera nalonso ndi lopapatiza kwa amene thandizoli linapangidwira. Malamulo a mu 2022 anafuna wopempha akhale wa zaka 16 mpaka 35, akhale ndi reji, ndipo abwere ndi kalata yosonyeza kuti walandiridwa kale pa koleji yovomerezedwa ndi TEVETA kapena ku Zambia National Service. Pempho limadzera ku komiti ya citukuko ya wadi. Papepala n'zosavuta. Koma kalata ija siibwera yokha. Pafunika ya basi kapena ya intaneti, ya fomu, ya mafotokope. Kwa mwana wa mphunzitsi ndi zazing'ono. Kwa mwana wamasiye wokhala ndi ambuye ake, ndi phiri. Nanga mnyamata uja anakulira kubusa, kuweta ng'ombe za eni zaka zingapo kuti adzalandire kang'ombe kamodzi, amene sadziwa n'kulemba komwe, angamve bwanji kuti mafomu atuluka? Uthenga umafika msanga kwa okhala pafupi ndi msewu waukulu wa Great East ndi kwa odziwana ndi a m'komiti. Sindikunena kuti makomiti onse amakondera. Ambiri ndi anthu odzipereka osalandira kanthu. Koma maina a osankhidwa akapanda kupacikidwa poyera, pasukulu, pacipatala ndi pachalichi, manong'onong'o sangalephere.

Za ku yunivesiti ndingonena mwacidule. Kumeneko thandizo si mphatso, ndi nkhongole. Kuyambira 2004 ndalama za boma kwa ophunzira a ku yunivesiti zinasanduka nkhongole, bungwe la HELSB linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndipo mu 2018 linayamba kutolera kwa amene anamaliza. Ndalama ya cakudya inacotsedwa mu 2019, n'kubwezedwa mu 2023. Kubweza nkhongole n'koyenera, kuti ang'ono athu adzapezenso. Cimene ndikana ndi lamulo loyang'ana caka cimene munthu anamaliza sekondale, lolandira okhawo amene amaliza posacedwa. Mwana wa ku Vubwi amene wakhoza bwino kawirikawiri amayamba walima zaka zingapo kuti apeze ya ulendo ndi ya pogona, pakuti Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kucokera ku Katete, ndipo Kitwe ndi kutali koposa. Pamene ndalama zakwana, zaka zamutaya. Lamulo lotere limalanga umphawi umene likuti likulimbana nao.

Zonsezi si zacilendo. M'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linatsegula malo ochedwa Rural Reconstruction Centres, ndipo omaliza Fomu 5 anali kukakamizidwa kupita ku National Service kukaphunzira usilikali ndi ulimi, mpaka kuciyambi kwa m'ma 1980 pamene matenda anapha ena m'misasa. Pambuyo pa caka ca 2000, msasa wa Chiwoko konkuno ku Katete unalandira ana ocotsedwa m'misewu ya m'matauni kuti aphunzire nchito zamanja. Maganizo onsewa anali abwino. Koma funso limene linavuta nthawi ya Kaunda ndi lomweli likutivuta lero: akatuluka pacipata, apita kuti, ndipo ali ndi ciani m'manja?

Ife a mumpingo tisaloze cala kunja kokha. Pa Macitidwe 18 timamva kuti Paulo atafika ku Korinto anakhala kwa Akula ndi Priskila, cifukwa onse anali osoka mahema. Ngakhale mtumwi, ndi luso lake lonse, anafuna nyumba ya anzake momwe munali zida ndi makasitomala. Pa cipatala ca St Francis ku Katete anamwino amaphunzira ali pakati pa odwala, dzanja likuzolowera nchito tsiku ndi tsiku. Mamishoni akale anali ndi mashopu a ukalipentala pafupi ndi chalichi. Lero m'mipingo yathu yambiri muli makina osokera amene anabwera ndi mapulojekiti akale, atsekeredwa m'sitolo, akudyedwa ndi dzimbiri cifukwa amene anasunga kiyi anasamuka. Mabenci athu timakagula kutali, yunifomu timakasoketsa ku Chipata, pamene amisiri akhala pa benci lakumbuyo Sabata lililonse.

Kwathu tinayamba ndi kalembera. Tinatenga kope, n'kulemba wacinyamata aliyense wa mumpingo amene anaphunzira pa basale: anaphunzira ciani, anamaliza liti, ali ndi zida kapena ai, akucita ciani lero. Zinatitengera masabata awiri okha. Kopelo tikupita nalo ku msonkhano wa komiti ya wadi, pamodzi ndi mafunso atatu: maina a osankhidwa caka cino apacikidwa kuti, kontrakita wa kalasi yatsopano alemba angati a m'kope lathu, ndipo omaliza maphunziro angaikidwe bwanji patsogolo pa mzere wa nkhongole. A khansala tawaitana kale, ndipo a mfumu alonjeza kudzakhalapo.

Za mtsikana uja, amai a cigwirizano anakafukula makina ao akale m'sitolo. Lamba anali ataduka ndipo mafuta anauma, koma mkulu wina wokonza njinga anawatsitsimutsa. Amubwereka masiku atatu pa sabata, Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu, ndipo ulusi agula yekha. Kwaya yamupatsa kale miyeso.