Mawu a pa mkombero wa Helios-44-2

Pa mkombero wakuda wa kutsogolo kwa lenzi iyi pali kamzere kamodzi kozokota, kopakidwa utoto woyera: HELIOS-44-2 2/58. Pambali pake pali kachizindikiro ka fakitale ndi nambala yaitali. Basi. Kamzereka ndakawerenga kambirimbiri chigulireni lenziyi kwa munthu amene ankaiona ngati chitsulo chakale, ndipo chimene chimandigwira mtima ndi mawu amene sanalembedwepo.

Helios ndi mulungu wa dzuwa wa Agiriki akale. Mafakitale a Soviet Union ankakonda mayina akumwamba otere: Jupiter, Orion, Vega. Koma dzinali n'lolemera kwa lenzi imene inkangobwera yomangidwa kale pa Zenit-E, kamera ya anthu wamba imene inayamba kupangidwa mu 1965. Ndipo dzuwa lenilenilo lenziyi silimba nalo. Mukailozetsa kumene kukuchokera kuwala, mitundu imasuluka ngati chitenje chochapidwa kawirikawiri. Ena amadana nazo. Ine kusuluka kumeneko ndimakufuna dala madzulo, dzuwa likapendeka.

Nambala 44 ikungosiyanitsa lenziyi ndi abale ake, monga Helios-40 ya mamilimita 85. Ka 2 kotsatirako kakunena za mtundu umene umamangidwa pa kamera mozungulitsa ngati chitsekero cha botolo, pa mulingo wa M42. N'chifukwa chake lero, ndi adaputala yotsika mtengo, imalowa pa kamera zamakono zambiri.

Nkhani yagona pa 2/58. Nambala 2 ikutanthauza kuti kabowo kolowera kuwala kamatseguka mpaka f/2, kokwanira kujambula m'nyumba masana popanda fulashi. Nanga 58? Bwanji osati 50, nambala yozolowereka? Kamera zamtundu wa Zenit zili ndi kalilole m'kati amene amadumphira m'mwamba pojambula, ndipo kalelo kunali kovuta kupanga lenzi yowala chonchi ya mamilimita 50 imene sikanatsekereza kaliloleyo. Anaitalikitsa pang'ono. Koma amene anayamba kutero si a Soviet. Manambala omwewa, 58 ndi 2, ali pa Biotar ya kampani ya Carl Zeiss ya ku Jena, lenzi ya ku Germany ya m'zaka za m'ma 1930, yochokera pa nzeru za katswiri wa malenzi Willy Merté. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, makina ndi mapulani a fakitale ya Jena anatengedwa kupita ku Soviet Union ngati chipukuta misozi. Helios-44 inatuluka mu 1958 ili ndi magalasi asanu ndi limodzi m'magulu anayi, monga mmene Biotar inalili. Dzina la bambo wake silinalembedwe pa mkombero, koma mwanayu manambala akumuulula, monga nkhope iululira mwana wobadwira kwina.

Kachizindikiro kaja kamauza fakitale: Krasnogorsk pafupi ndi Moscow, Valdai, kapena Minsk. Pa malenzi ambiri manambala awiri oyamba a nambala yaitali ija ndi chaka chimene inapangidwa. Ogula odziwa amayang'ana pamenepa chifukwa malenziwa anapangidwa mamiliyoni, ndipo sanatuluke ofanana. Ina yakuthwa, ina yofooka. Kuchuluka komweko ndiko kunaitsitsa mtengo.

Tsopano chimene mkombero sunena n'komwe. Tsegulani kabowo mpaka f/2, muimike munthu masitepe awiri kapena atatu kuchokera pa inu, kumbuyo kwake kukhale masamba amene dzuwa likubowola. Nkhope imatuluka yakuthwa pakati, koma masamba aja amazungulira ngati kamvuluvulu. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kolowa chammbali kumadulidwa ndi thupi la lenzi, ndiye timadontho ta kuwala timene pakati n'tozungulira, m'mphepete timaphwatalala ngati diso la mphaka, n'kundandalikana mozungulira pakatipo. Kwa injiniya, chimenechi ndi chilema, ndipo palibe fakitale imene ikanachizokota pa mkombero. Mukachepetsa kabowo mpaka f/5.6 chimazimiririka, lenzi n'kukhala yaulemu ngati ina iliyonse. Komabe chilema chomwechi ndicho chachititsa kuti ojambula mafilimu aifunefune. Mmodzi wa iwo, Greig Fraser, anagwiritsa ntchito malenzi akale a Soviet, ovekedwa matupi atsopano, pojambula mbali zina za filimu ya Dune: Part Two ya mu 2024.

Ine ndimaikondera china chocheperapo. Ilibe mota, ndiye fokasi umaipeza wekha ndi zala, pang'onopang'ono, ndipo wojambulidwayo amatopa n'kumwetulira kokonzekera kuja, n'kubwerera ku nkhope yake ya masiku onse. Ndi mmene ndinawajambulira mayi anga pansi pa mtengo wa mango, akusenda mtedza m'lichero, atandiiwala kalekale, masamba onse akuzungulira kumbuyo kwa duku lawo.