Tsamba la zovuta m'kabuku ka shawa

Kabuku kamene kamabwera m'katoni limodzi ndi power shower ku Britain kali ndi masamba ambiri, koma limene anthu amaliwerengadi ndi limodzi. Limakhala chakumapeto, ndipo munthu amalifunafuna ali chimangire tawulo m'chiuno, sopo akuumira m'mutu. Ndi tsamba la zovuta. Makampani odziwika kumeneko, monga Mira, Triton ndi Aqualisa, amalikonza mofanana ndithu: timabokosi tondandalikidwa m'magulu atatu. Kumanzere kuli chimene mukuona, pakati pali chimene chingakhale gwero lake, kumanja kuli choti muchite. Mulibe moni, mulibe chiganizo chachitali. Mukaliona koyamba mumati likunena za kabokosi koyera kali pakhoma la m'bafa. Mukaliwerenga mofatsa, mzere ndi mzere, mumapeza kuti mbali yaikulu likunena za nyumba yonse.

Mzere woyamba kawirikawiri umakhala wa shawa imene yangoti zii: mwadina batani, palibe chikuchitika. Taonani mmene wolemba wasanjira zifukwa zake. Wayamba ndi swichi ya kunja kwa bafa, mwina wina anaizimitsa. Kenako fyuzi, kenako RCD, swichi yachitetezo ya pa bokosi lalikulu la magetsi. Mota ikubwera pomalizira, ndipo ngakhale pamenepo akuyamba wanena kuti mwina yangodzizimitsa yokha chifukwa chotentha, muidikire izizire. Ndondomeko imeneyi yaganizira thumba la wowerenga: chaulere patsogolo, chodula pambuyo.

Mumzere womwewo muli kanambala kamene maso amangokadumpha. Fyuzi yake ndi ya ma amp 3 basi. Kanambalako kakuulula kuti chipangizochi n'chamtundu wanji. Shawa yamagetsi imene imatenthetsa yokha madzi imadya makilowati 8, 9, mwina kupitirira 10, ndipo imafuna waya wakewake wonenepa. Power shower sitenthetsa madzi ngakhale pang'ono. M'kati mwake muli kapampu ndi vavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, zatha. Ambiri amasokoneza ziwirizi, ngakhale eni dziko omwe. Poti power shower sitenthetsa madzi, pa mzere wakuti madzi akutuluka ozizira, tsambali silikuuzani kuti mugwire kalikonse m'bafa. Likukutumani kukabati kumene kumakhala thanki ya madzi otentha, mukaone ngati boila yayaka, ndiponso ngati amene anasamba inu musanalowe sanawamalize.

Bokosi lalitali kuposa onse ndi la madzi otuluka mofooka. Pamenepa zifukwa zimachita kupanikizana: mutu wa shawa watsekeka, paipi yofewa ija yapindika, tisefa ta polowera madzi tadzaza zinyalala, vavu ina panjira inatsekedwa theka, mpweya watsekereza m'paipi, thanki ya kudenga yauma. Werengani bwino muone kuti ndi zingati zili m'kati mwa kabokosi koyera kaja. Tisefa tokha. Zina zonse zili kunja, ndipo mzere ukamatsika ukukutulutsani m'bafa pang'onopang'ono mpaka kukakukwezani makwerero opita kudenga.

Wolemba sakufotokoza chifukwa chake kudenga kuli thanki, poti akulembera munthu amene anabadwira m'nyumba yotero. Nkhani yake ndi yakale. M'zaka za m'ma 1800 makampani a madzi a ku London ankatsegula madzi kwa maola ochepa okha, choncho nyumba iliyonse inkafunika posungira. Madzi atayamba kubwera usana ndi usiku, chizolowezi ndi malamulo a kamangidwe zinatsalabe, ndipo mathanki a madzi otentha olumikizidwa mwachindunji ku paipi ya mumsewu anadzaloledwa m'ma 1980. Wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene anakulira pafupi ndi thanki ya pansanja sangadabwe nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Britain inabisidwa pamwamba pa siling'i, moti munthu angakhale m'nyumba zaka osaiona.

Vuto la thanki yoteroyo ndi mphamvu. Mita imodzi ya kutalika kuchokera pathanki kufika pamutu wa shawa imapereka pafupifupi 0.1 bar, pomwe madzi a mumsewu kawirikawiri amafika ndi bar imodzi kapena kuposa. Bafa likakhala m'chipinda cham'mwamba, pansi penipeni pa thankiyo, madzi amangodontha. Power shower inapangidwira nyumba imeneyi ndipo siidziwa nyumba ina. Imakoka madzi ozizira ku thanki ya kudenga, otentha ku thanki ya m'kabati, n'kuwakankha. Zikakhala bwino kumtundako imagwira ntchito. Kukavuta kumtunda, iyo ndi imene imalira, ndipo ndi imene imatukwanidwa.

Mawu akuti thanki yauma apatsidwa yankho lalifupi kwambiri: dikirani idzaze. Apa tsambali lachita ulesi. Mapulambala ambiri amalangiza thanki ya malita pafupifupi 230 pa shawa yotere, ndipo shawa zina zamtunduwu zimatulutsa mpaka malita 14 pa mphindi. Gawani nokha muone: mphindi 16 ndi pang'ono, mukapanda kuwerengera madzi amene akulowa. Ndipo kumbukirani kuti thanki ya madzi otentha nayonso imamwa kuchokera ku ya kudenga yomweyo, kotero mbali zonse ziwiri zikukama malo amodzi. Kavavu ka mpira woyandama kamene kamadzaza thankiyo kakakalamba, madzi olowa amachepa kuposa otuluka. M'nyumba ya anthu awiri izi sizioneka. M'nyumba imene anthu asanu akugawana lendi, onse akuthamangira basi yam'mawa, wachitatu kusamba ndi amene amamva pampu ikukuwa. Kunena kuti dikirani idzaze n'zoona, koma mawa zichitikanso, ndipo pampu yoyenda popanda madzi sichedwa kupsa.

Mzere wa mutu wotsekeka nawo ndi wofanana m'kabuku ka shawa yogulitsidwa kulikonse, chonsecho madzi a dzikolo si amodzi. Kum'mwera chakum'mawa kwa England, kuphatikizapo London, nthaka yake ili ndi miyala ya choko yambiri, ndipo madzi ake amasiya zoyera zouma m'ketulo ndi m'timabowo ta shawa. Manchester imamwa madzi ochokera ku Lake District, Birmingham ochokera ku Elan Valley ku Wales, Glasgow a ku Loch Katrine, ndipo onsewa sasiya zoyerazo kwenikweni. Choncho wa ku Luton ayambire pomwepo: amasule mutuwo, auviike mu viniga, atsuke timabowo ndi kaburashi. Wa ku Glasgow angathe kuudumpha mzerewo. Pali kayesedwe kosavuta kamene ndikanakonda kakanalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: chotsani mutu, tsegulani madzi pa paipi yokha. Akatuluka mwamphamvu, mwapeza wolakwa osawononga ndalama.

Pamene tsambali lasauka kwenikweni ndi pa nkhani ya phokoso. Limangoti pampu ikusokosera, ngati kuti phokoso ndi limodzi. Khutu la pulambala limamva mitundu ingapo. Pali kung'ung'udza kwapansipansi madzi osatuluka, kumene kumasonyeza kuti magetsi akufika koma mota yakanika kuzungulira. Pali kulira kwapamwamba kwa pampu youma. Palinso kukhotchola ngati mwathira timiyala m'chigayo, madzi akutuluka modukizadukiza, uku akutentha uku akuzizira. Kumeneko ndi mpweya. Madzi akamatenthedwa amatulutsa tinthovu, timene timakwera n'kukasonkhana pamwamba pa thanki ya m'kabati. Ngati paipi yopita ku shawa inalumikizidwa pamwamba pomwepo, pampu imayamwa tinthovuto. Mapulambala amathana nazo poika cholumikizira chotchedwa Surrey flange kapena Essex flange, chimene chimatunga madzi m'munsi pang'ono. Wolemba tsambali zonsezi akuzidziwa, koma wazipinda m'mawu ochepa akuti mpweya uli m'mapaipi, n'kukutumizani ku masamba a kutsogolo amene analembera woika shawa, osati wosamba.

Pafupi pomwepo pali manambala atatu amene ayenera kuwerengedwa limodzi ngakhale ali m'mabokosi osiyana. Madzi a m'thanki azisungidwa pa madigiri 60, chifukwa akakhala ofunda chabe tizilombo ta Legionella timaswana. Asapitirire 65, chifukwa pamenepo zoyera zija zimachuluka, mpweya umachuluka, ndipo pampu imavutika. Ndiye pa chogudubuza cha shawa zambiri zokhala ndi thermostat pali poimira pa madigiri 38, kuti mwana kapena nkhalamba asapse. Munthu amene akuona kuti madzi sakutentha mokwanira amathamangira kukakweza thermostat ya pathanki mpaka kumapeto. Akatero wathetsa mzere umodzi n'kudzigulira mizere iwiri ya m'munsi mwake, ndipo tsambali silimuchenjeza poti bokosi lililonse limalankhula ngati linzake kulibe.

Tsopano gulu lachitatu, la zochita. Liwu lake ndi lolamula: yang'anani, tsukani, wongolani, tsegulani. Koma mukatsika nalo mumamva likusintha. Penapake kulamula kumatha, ndipo mabokosi otsala onse akunena chinthu chimodzi, chakuti itanani wodziwa ntchito kapena imbirani kampani. Malire ake ndi chivundikiro. Chilichonse chimene chingachitike chivundikiro chili chitsekere ndi chanu. Chofuna sikuludiraiva ndi cha wina. Pa shawa zambiri ngakhale tisefa tija tili kuseri kwa chivundikirocho. Wina angati kampani ikungodziteteza, kapena ikufuna kugulitsa ntchito ya amisiri ake, ndipo mwina pali choonadi pang'ono pamenepo. Komabe pano ine ndili mbali ya wolemba. Kuseri kwa pulasitikiyo kuli magetsi pafupi ndi madzi, ndipo wogwirapo waima pansi ponyowa wopanda nsapato. Ku England malamulo a zomangamanga, gawo lotchedwa Part P limene linayamba kugwira ntchito mu 2005, amaika ntchito zamagetsi za pafupi ndi bafa m'gulu loyenera kuyang'aniridwa mwapadera. Mzere wakuti madzi akudontha pansi pa kabokosi ndi wokhawo umene suyenera kukambirana: zimitsani swichi, tsekani mavavu onse awiri, musasambenso.

Koma itanani wodziwa ntchito akuuza ndani? Tsamba lonse likulankhula ndi mwininyumba amene anagula shawayo, ali ndi lisiti, ndipo akudziwa pamene pali khomo la kudenga. Amalawi ambiri amene ali ku Leeds, ku Leicester kapena ku Nottingham si munthu ameneyo. Ndi alendi, ndipo kabukuko mwina anangokapeza m'kabati ya kukhitchini. Kwa iwo kusiyanitsa vuto la kabokosi ndi vuto la nyumba kuli ndi phindu lina. Lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985, gawo 11, limapereka kwa landilodi ku England udindo wokonza mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi zotenthetsera madzi. Za chipangizo chapakhomacho pangakhale kukokanakokana, potengera zimene munasainirana, koma za thanki yosadzaza kapena madzi osatentha palibe mkangano. Uthenga wakuti shawa yawonongeka umayankhidwa sabata yamawa. Wakuti mutu ndatsuka, paipi yokha ikutulutsabe pang'ono, mpope wa madzi otentha wa pasinki nawo ukulavula mpweya, umasonyeza kuti vuto lili m'mapaipi a landilodi, ndipo n'kovuta kuuzemba.

Vuto limodzi lalikulu nthawi zambiri lilibe mzere wake patsambali. Nyumba zambiri zakale zikuchotsedwa mathanki onse awiri n'kuikidwa combi boiler, imene imatenthetsa madzi a mumsewu pomwepo akamadutsa. Power shower siyenera kulumikizidwa ku boila yoteroyo kapena ku paipi ya mumsewu, chifukwa mphamvu ya madziwo imaposa imene zotsekera zake zingapirire. Chenjezolo lilipo, koma lili kumayambiriro kwa kabuku, pakati pa zithunzi za mapaipi zimene wosamba sawerenga. Ngati shawa inayamba kudontha kapena kuchita zachilendo boila yatsopano itangoikidwa, palibe bokosi limene likuthandizeni ngakhale mutsike nalo tsamba lonse. Tsegulani kabati ija muone ngati thanki ya madzi otentha ikadalipo. Ngati mwangotsala mashelefu, shawayo iyenera kuchotsedwa, aikepo yosakaniza madzi yopanda pampu.