Lawino sadziyang'ana pagalasi

Pa chinkhoswe cha mphwanga, nkhoswe ina itakhuta thobwa idatifunsa amunafe: "Mukadakhala mkazi, mukadalola kukwatiwa ndi munthu ngati inuyo?" Tidaseka tonse. Mayi a kunyumba kwanga okha sadaseke, ndipo n'chifukwa chake ndabwerera ku mabuku awiri akale ndi funso lomwelo.

Loyamba ndi Song of Lawino la Okot p'Bitek wa ku Uganda, lomwe lidatuluka mu 1966. Ambirife timam'konda Lawino, ndipo m'pake. Mwamuna wake Ocol, sukulu itam'lowa m'mutu, wam'nyoza n'kutengeka ndi Clementine wopaka milomo. Lawino akum'sambwadza Ocol kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, mokoma zedi. Koma werenganinso bwino. Akavomera kuti wotchi sadziwa kuwerenga, kapena kuti chitofu cha magetsi chimamuopsa, sikuti akudzifunsa ayi, akudzitama. Palibe pamene akuima n'kuganiza kuti kukhala naye m'nyumba imodzi kumakoma bwanji. Ocol naye, poyankha mu Song of Ocol mu 1970, ndiye woipirapo: akungom'pirikitsa mkaziyo. Anyani kusekana zikundu. Aliyense mwa awiriwa akadadzikwatira yekha mawa lomwe, osafuna ndi ankhoswe omwe.

Ena anena kuti p'Bitek sankalemba za banja koma za Africa ndi chizungu. Ndikuvomera. Komatu apa m'pamene ndakatuloyi imaonda: Lawino ndi mbendera, ndipo mbendera sikayika.

Ramatoulaye wa mu So Long a Letter ndi munthu. Bukuli adalemba ndi Mariama Bâ wa ku Senegal m'Chifalansa mu 1979, ndipo lidalandira mphotho ya Noma mu 1980. Mayiyu, mphunzitsi wa ana 12 obereka yekha, wasiyidwa ndi Modou yemwe wakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo Daba. Chifukwa chokalipira ali nacho chokwanira. Koma m'kalata yake kwa Aissatou akuchita chomwe Lawino sachita: akufufuza pamene iye mwini adalakwitsa. Sakupeza zambiri, ndipo pena ndimaona ngati Bâ akum'tchinjiriza mopitirira, poti zolakwa za Ramatoulaye n'zoyera ngati za woyera mtima. Ngakhale zili choncho, kufufuzako kukubala kanthu. Modou atamwalira, dokotala Daouda Dieng, munthu wabwino ndi wachuma, akum'funsira. Iye akukana, poti sam'konda, komanso safuna kuchitira mkazi wa Daouda zomwe Binetou adam'chitira iye. Wadziona ndi maso a mkazi mnzake.

Lawino amakoma pom'werenga mokweza pagulu. Ramatoulaye amasowetsa tulo. Ine ndidam'werenga usiku, ndipo pofika pa Daouda ndidayamba kuwerengera masiku omwe ndafika kunyumba nsima itazizira, popanda ndi pepani yemwe. Nkhoswe ija sindidaiyankhebe.