Alick Nkhata ndi luso loimba motsitsa mawu

Aliyense mu Lusaka amaudziwa msewu wa Alick Nkhata, womwe umachoka ku Longacres n'kudutsa pa nyumba ya wailesi ya ZNBC kulowera ku Kalingalinga, kufupi ndi Kabulonga. Mwini dzinalo ndi amene wayamba kuiwalika. Achinyamata ena akamva nyimbo zake amati n'zozizira: gitala lopanda magetsi, mawu ofatsa, palibe kukuwa. Komatu kufatsako sikunali kuperewera mphamvu. Linali luso, ndipo analitola ku ntchito zina zimene anagwira asanatchuke pa kuimba.

Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922 ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali ku Burma. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, yemwe ankajambula nyimbo zamakolo, kenaka analowa ku Central African Broadcasting Service, wailesi ya ku Lusaka imene inkamvekanso ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Kuyambira mu 1949 kawailesi kotsika mtengo ka batire kotchedwa Saucepan Special kanayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo kanabweretsa vuto limene oimba akale sanakumanepo nalo. Nyimbo ya pabwalo imadalira ng'oma, m'manja ndi khamu lovomereza. Ukaiponya m'kawailesi kotero, ng'oma imameza mawu, womvera n'kungotsala ndi phokoso. Munthu amene wakhala tsiku ndi tsiku pamaso pa maikolofoni amadziwa kuti chidachi chimamva ngakhale kupuma. N'chifukwa chake Nkhata ankaimba ngati akucheza ndi mnzake pakhonde. Kugunda kwa gule anakusiyira gitala, anzake ovomereza anawachepetsa kuti asaphimbe nkhani, ndipo liwu lililonse lonena za chikondi, mowa kapena moyo wa m'tauni linkamveka bwinobwino. Kuchotsa n'kovuta kuposa kuwonjezera, chifukwa woimba wopanda phokoso alibe pobisa cholakwa.

Njira yotereyi yaonekanso kutali. Jack Johnson wa ku Hawaii anali katswiri woyandama pa mafunde a nyanja ndi thabwa, mpaka anavulala kwambiri pa mafunde a ku Pipeline ali ndi zaka 17. Anaphunzira za mafilimu, najambula anzake a pa mafunde, asanatulutse chimbale chake choyamba, Brushfire Fairytales, mu 2001. Nayenso amamunena kuti nyimbo zake n'zogonetsa tulo. Koma wodikira funde ndi wodula filimu onse amaphunzira kudziwa polowera ndi posiyira, ndipo dzanja lake lamanja pa gitala limaonetsa zimenezo.

Chitsutso cholemera pa Nkhata n'chakuti anasungunula nyimbo zamakolo poziveka mayimbidwe achizungu, komanso ankagwirira ntchito wailesi ya atsamunda. Zoona zilimo: nyimbo ya mwambo ikachoka pabwalo imataya gule ndi anthu ake, ndipo chimbale cha mphindi zitatu sichingabweze zimenezo. Koma omvera ake anali kale m'tauni, m'migodi ya Copperbelt ndi m'makomboni a Lusaka, komwe Mbemba, Mchewa ndi Mlozi ankakhala khomo ndi khomo. Amenewo sankasankha pakati pa nyimbo ya kumudzi ndi ya Nkhata. Mpikisano unali pakati pa nyimbo za m'zinenero zawo ndi zimbale zochokera ku Johannesburg ndi ku America. Nkhata anasonyeza kuti chinenero cha kuno chingathe kukhala pa gitala osapindika. Anapitiriza ntchito ya pa wailesi dziko lake litalandira ufulu mu 1964, mpaka anapuma n'kukakhala pa famu yake ku Mkushi, komwe anaphedwa mu Okutobala 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera limenelo. Wofuna kuweruza yekha amvere chimbale cha Shalapo chimene kampani ya RetroAfric inasonkhanitsa mu 1991, ndipo atchere khutu pa mmene gitala limapatukira mawu akamalowa.