Mabokosi a Citsulo a David Smith

M'dziko la America, ulendo wautali kumpoto kwa mzinda wa New York, kuli mudzi wa m'mapiri wochedwa Bolton Landing, m'mbali mwa nyanja ya Lake George. Mlendo amene akadafika kumeneko m'caka ca 1964 akadapeza munda wina wacilendo, wopanda mbeu ndi wopanda ng'ombe. Pa udzu wa mundawo panaima zinthu zacitsulo zambirimbiri, zitandanda m'mizere monga ana a sukulu pa bwalo m'mamawa. Zina zinali zofiira ndi dzimbiri, zina zopakidwa utoto, ndipo zina zinali zoyera mbee, zonyezimira padzuwa. Zoyerazo zinali mabokosi a citsulo osanjikizana, ena atapendekeka monga ngati ali pafupi kugwa. Mwini mundawo ndiye David Smith, amene anthu odziwa za luso amamuyesa mmodzi wa amisiri akulu a ziboliboli a m'dziko lace.

Munthu akaona mabokosi amenewa koyamba, funso limene limamfikira msanga ndi lakuti, "Kodi cimeneci n'ciani, nanga cifanana ndi ciani?" Funsoli si lopusa ai. Wosema mtengo akatenga cipika nasema mvuu, kapena mai wosenza mtsuko, woona amadziwa poyambira kuweruza: ayang'ana ngati mutu wa mvuuyo uli monga wa mvuu yeniyeni, ndi ngati khosi la maiyo likuonetsa kulemera kwa madzi. Koma pa mabokosi a Smith palibe mvuu kapena mai woti munthu alinganize naye. Cifukwa ca ici ena amangoseka napita, nati ndi zitsulo zotsala ku fakitale. Ena amatama cifukwa anamva kuti anthu ophunzira akutama. Onse awiriwa sanayang'ane. Nchito yotere iri nayo miyeso yace, ndipo munthu wodziwa miyesoyo akhoza kusiyanitsa bokosi loikidwa mwanzeru ndi loikidwa cabe.

Pofuna kudziwa miyesoyo, nkwabwino kuyamba ndi manja a mmisiriyo. Smith anabadwa m'caka ca 1906 m'tauni ya Decatur, m'cigawo ca Indiana. M'caka ca 1925, ali mnyamata, anagwirako nchito m'fakitale ya magalimoto ya Studebaker ku South Bend, kumene anaphunzira kulumikiza zitsulo. Pambuyo pace anapita ku New York nalowa sukulu ya Art Students League, ndipo cimene anafuna pa nthawiyo ndico kukhala wojambula zithunzi ndi utoto. Ali komweko anaona m'magazini ya ku France zithunzi za ziboliboli zimene Pablo Picasso ndi Julio González anapanga mwa kuwocherera zitsulo. Pamenepo anazindikira kuti nchito imene anaiphunzira m'fakitale kuti apeze ndalama inali yokhoza kupanganso zinthu za luso. M'caka ca 1933 anapanga ziboliboli zace zoyamba zowocherera, ndipo posacedwa anapeza malo ogwirirapo nchito pakati pa anthu okonza zitsulo pa doko la Brooklyn, pa msasa wochedwa Terminal Iron Works. Dzina limeneli analikonda kwambiri, kotero kuti atasamukira ku Bolton Landing m'caka ca 1940 anacha nyumba yace ya nchito dzina lomwelo.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi kusema. Wosema amayamba ndi cinthu cacikulu, mtengo kapena mwala, nacotsako pang'onopang'ono kufikira cimene afuna cioneka. Cosema cace cimakhala cimodzi, colemera, codzaza m'kati. Wowocherera amayamba wopanda kanthu, naonjeza cidutswa pa cidutswa. Akhoza kusiya mipata yaikulu pakati, akhoza kutambasula nthambi yaitali m'mwamba, ndipo akhoza kuimika cinthu cacikulu pa kamwendo kakang'ono, pakuti citsulo cowocherera sicithyoka monga mwala. Luso lonse la Smith linatuluka m'ufulu umenewu.

Sanafike pa mabokosi mwamsanga. Pakati pa 1937 ndi 1940 anaumba mamendulo 15 a mkuwa, nawacha Medals for Dishonor, oonetsa zoipa za nkhondo: mabomba, njala ndi matenda. M'menemo munali anthu oonekeratu, ndi mkwiyo wosabisika. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anagwira nchito ku Schenectady, m'fakitale ya American Locomotive Company, kuwocherera akasinja ndi injini za sitima. Pambuyo pace anabwerera ku mapiri ace, ndipo m'caka ca 1951 anapanga Hudson River Landscape, cimene ciri ngati cithunzi colembedwa m'mlengalenga ndi mizere ya citsulo, cotengedwa pa zimene anali kuona pa zenera la sitima poyenda m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. M'caka ca 1962 anaitanidwa ku Italy, napatsidwa mafakitale osiyidwa a ku Voltri, pafupi ndi Genoa. M'masiku 30 okha anapanga ziboliboli 27, zambiri mwa izo ndi mbano, mawilo ndi zida zina zimene anchito akale anasiya pansi. Caka ndi caka nkhani ndi nkhope zinali kucepa m'nchito yace, ndipo cotsala cinali kaimidwe ka zinthu.

Mabokosi oyera aja anawacha Cubi, ndipo anapanga 28 pakati pa 1961 ndi 1965. Kapangidwe kace kanali kotere. Poyamba anali kutenga makatoni akale, nawamata pamodzi, nawasinthasintha kufikira mtima wace utakhutira. Atatero anali kuitanitsa mapale a citsulo cosacita dzimbiri, odulidwa monga mwa miyeso ya makatoniwo, ndipo iye ndi omthandiza anali kuwawocherera kuti akhale mabokosi ndi migolo yopanda kanthu m'kati. Pomariza anali kupukuta mbali iriyonse ndi makina onolera a gudumu lozungulira, amene anasiya pa citsulo mizere yokhotakhota. Mitundu ya zidutswa inali yocepa ndithu: bokosi lofanana mbali zonse, bokosi lalitali monga mtanda wa denga, bokosi lathyathyathya, ndi mgolo. Mwana wa sukulu aliyense amazidziwa. Luso lagona pa malo pamene cidutswa ciriconse caikidwa.

Muyeso woyamba ndiwo kaimidwe. Cubi I, ca m'caka ca 1963, cimene ciri m'nyumba yoonetsera za luso ya ku Detroit, ndi cacitali kuposa mapazi 10. Mabokosi ace akwerana m'mwamba, ena atatsamira pa ngondya zao, ndipo mulu wonsewo wakhazikika pa kamalo kakang'ono pansi. Cubi XIX, ca m'caka ca 1964, cimene ciri ku Tate mu London, caima pa mwendo umodzi, ndi mabokosi opendekeka pamwamba pace. Nzeru zimauza woona kuti zonsezi n'zowocherera ndipo sizingagwe. Koma maso amaona mabokosi olemera, thupi nilicita mantha pang'ono. Munthu aliyense amene anasenzapo mtolo wa nkhuni, kapena anaunjikapo matumba pa ngolo, amadziwa m'msana mwace nthawi imene katundu wakhala bwino ndi nthawi imene atsala pang'ono kuterereka. Smith anaimika mabokosi ace pa nthawi yaciwiriyo, pamene katundu sanagwe koma sanakhazikikenso. Akadawasanja moongoka monga njerwa, woona akadayang'ana kamodzi napita. Akadawapendeketsa mopambanitsa, cinyengo cikadaonekera, ndipo maso akadaleka kukhulupirira. Ma Cubi abwino koposa ali pakati penipeni pa ziwirizi, ndipo kupeza malo amenewo n'kobvuta kuposa kusema mphuno yofanana ndi ya munthu.

Muyeso waciwiri ndiwo kuwala. Citsulo cosacita dzimbiri cikapukutidwa kosalala cimakhala ngati kalilole, ndipo woona amangodziona yekha m'menemo. Smith sanafune zotero. Mizere ya makina onolera imagwira kuwala niikumwaza, kotero kuti munthu akasuntha phazi limodzi mizereyo imaoneka ngati ikuyenda, mbali ina niyaka, ina nizima. Iye mwini anafotokoza kuti anafuna citsuloco citenge maonekedwe a thambo, cikhale cotuwa pa tsiku la mitambo ndi cofiirira dzuwa likapendeka. Apa wojambula uja wa ku Art Students League anabweranso, makina onolera atalowa m'malo mwa bulashi. Ndipo kuwalaku kumalimbana ndi kulemera kuja: bokosi limene maso analiyesa lolemera limaoneka mwadzidzidzi lopepuka ngati pepala, kenaka mtambo ukadutsa nilibwerera kukhala citsulo.

Tsono funso loyamba lija, lakuti cifanana ndi ciani, liyenera kuyankhidwa moona. Smith sanataye munthu konse. Ma Cubi ambiri ndi oimirira, a msinkhu woposa wa munthu, okhala ndi mwendo pansi ndi cifuwa cotambalala pamwamba; ndipo ataima m'mizere pa munda uja anaoneka ngati khamu la alonda. Omariza, monga Cubi XXVII ca m'caka ca 1965, ali ngati zipata, mizati iwiri ndi mtanda pamwamba, ndi mpata pakati pamene mapiri aonekera. Cipata cimakumbutsa za munthu wodutsapo, ngakhale iye palibe. Cotero woona amene amva kuti cinthuci cikumuyang'ana sanalakwe. Angalakwe pokhapo akayamba kufunafuna maso ndi zala, naiwala kuti cimene Smith anatenga kwa munthu ndi kuima kokha.

Komabe nchitoyi iri nazo zofooka zace, ndipo kuzibisa sikungamlemekeze mmisiriyo. Coyamba n'cakuti ma Cubi ambiri ali ndi nkhope imodzi. Munthu akaima kutsogolo amaona zonse zitagwirizana. Akazungulira kumbali, zina zimaoneka zopyapyala ndi zosokonekera, monga ngati mmisiri sanaziganizire mbali imeneyo. Ena oweruza za luso amati Smith anacita dala, kuti woona asathe kucigwira cinthuco conse m'maganizo mwace. Mwina n'zoona pa zina. Koma pa zina cioneka kuti cizolowezi ca wojambula, amene amaganiza pa cinsaru cathyathyathya, cinamgonjetsa. Caciwiri n'cakuti kunyezimira kumakopa msanga. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa ma Cubi ena, amene kaimidwe kao ndi kamba wamba, mizere yonyezimirayo imagwira nchito yobisa kusowa kwa maganizo. Cacitatu sicifukwa ca Smith: mabokosi amene anapangidwira dzuwa ndi mitambo, ambiri anamwazikana m'nyumba zoonetsera za luso, kumene nyali ya magetsi siisintha kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Woona Cubi m'cipinda waona theka lace.

Smith anafa pa 23 May 1965, pa ngozi ya galimoto pafupi ndi Bennington m'cigawo ca Vermont, ali ndi zaka 59. Zimene zinacitika pambuyo pace zionetsa kuti khungu la ciboliboli si nkhani yaing'ono. Mmodzi wa anthu osungira cuma cace anali Clement Greenberg, woweruza za luso wochuka, amene sanakonde utoto wa Smith. M'caka ca 1974 Rosalind Krauss anaulula kuti ziboliboli zina zimene Smith anasiya zitapakidwa utoto woyera zinapalidwa, ndipo zina zinasiyidwa panja kufikira utoto utasupuka. Greenberg anadziteteza kuti utotowo unali woyambira cabe, ndi kuti nchitozo zinali zosatha. Koma mwini anali atagona, wosakhoza kuyankha, ndipo anthu ambiri anaona kuti woweruza analumpha malire: nchito yace ndiyo kunena cimene aona, osati kukonza cimene mnzace anapanga. Ma Cubi anapulumuka pa zimenezi popeza khungu lao ndi citsulo comwe. M'caka ca 2005 Cubi XXVIII, comariza pa onse, cinagulidwa pa msika wa Sotheby's ku New York ndi madola 23.8 miliyoni. Mtengo umenewo uonetsa zimene anthu olemera amafuna. Suthandiza munthu kudziwa ngati bokosi laikidwa bwino.

Wophunzira amene watsiriza sukulu adzakumana nazo zinthu zotere m'mabuku, m'manyuzipepala, kapena kutsogolo kwa nyumba zazikulu za m'mizinda, ndipo adzayesedwa kusankha pakati pa kuseka ndi kutama. Ma Cubi a Smith amuonetsa njira ina, imene iri ya mafunso atatu. Kodi cinthuci caima bwanji, ndipo kulemera kwace kukupita kuti? Kodi cikucita ciani ndi kuwala? Kodi cidutswa cimodzi citasunthidwa pang'ono, conseco cingaonongeke? Pa nchito yonyenga yankho la funso lacitatu ndi lakuti ai, pakuti zidutswa zace zikhoza kukhala paliponse. Pa Cubi I kapena Cubi XIX yankho ndi lakuti inde. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo mayankho amenewa amapezeka ndi munthu amene wacizungulira cinthuco kawiri kapena katatu, naimanso kutsogolo kwace.

Palinso mfundo ina yoti mnyamata wolowa nchito ya manja aisunge. Smith anali membala wa bungwe la anchito a zitsulo, ndipo sanacite nazo manyazi. Moto umene anawocherera nao injini za sitima ku Schenectady ndi womwewo umene anaimika nao mabokosi ace pa munda wa ku Bolton Landing, ndipo msoko wa pa bokosi unayenera kulimba monga wa pa injini, pakuti mphepo ndi cisanu ca m'mapiri a kumeneko sizisiyanitsa nchito ya luso ndi nchito ya fakitale.