Khutu Lamagetsi: Mawu Limamva, Nyimbo Imalipulumuka

Mkati mwenimweni mwa khutu, kupitirira ng'oma ya khutu ndi timafupa titatu, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. Katatambasulidwa kangatalike mamilimita pafupifupi 35. M'menemo muli timaselo taubweya tokwana 3,500 timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wamagetsi, ndipo uthengawo umapita ku ubongo kudzera m'timitsempha pafupifupi 30,000. Timaseloti tikafa sitimeranso. Kachipangizo kamene madokotala amati cochlear implant kamagwira ntchito ya timaselo tonseto ndi timfundo tachitsulo 22, kena 16, kena 12 basi. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a makutu m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankati zimenezi n'kulota masana. Lero anthu oposa miliyoni imodzi anaikidwa kachipangizoka, ndipo ambiri a iwo amacheza pafoni.

Luso la amene anakapanga lagona pa kusankha chotaya. Anataya zambiri, mwadala, ndipo china mwa zimene anatayazo chimatikhudza ife olankhula Chichewa kuposa mmene chimakhudzira Mngelezi kapena Mjeremani.

Zoti magetsi angathe kudzutsa mtsempha wakumva zinadziwika kale. Cha m'ma 1800 Alessandro Volta anadzilowetsa tizitsulo m'makutu n'kutilumikiza ku batire, ndipo anamva kubwata. Mu 1957 ku Paris, André Djourno ndi Charles Eyriès anaika waya pa mtsempha wa bambo wina wosamva, iye n'kumva phokoso longa la nkhululu. William House wa ku Los Angeles anayamba kuika anthu timawaya mu 1961, ndipo kachipangizo kake, ka mfundo imodzi yokha, kanavomerezedwa ku America mu 1984. Munthu ankamva kuti chitseko chagogodedwa kapena galimoto ikubwera, komanso kankamuthandiza powerenga milomo ya wolankhula. Mawu enieni ayi. Komabe House ndimamulemekeza: anapirira kunyozedwa ndi madokotala anzake, ndipo anasonyeza kuti waya angakhale m'khutu zaka zambiri osavulaza mwini wake.

Chimene chinkasowa chinali m'kapangidwe ka nkhono ija. Malo aliwonse m'kati mwake ali ndi liwu lake. Pakhomo pamamveka mawu aang'ono okwera, monga likhweru. Kumapeto kwa mpindiko kumamveka mawu aakulu a besi. Georg von Békésy analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa chofotokoza zimenezi. Ndiye kuti pamafunika timfundo tambiri, kalikonse pamalo pake. Ku Vienna, Ingeborg ndi Erwin Hochmair anapanga kachipangizo kotero, ndipo kanaikidwa mwa munthu mu Disembala 1977. Ku Melbourne, Graeme Clark, mwana wa bambo amene ankavutika kumva, anaika kake mwa Rod Saunders pa 1 Ogasiti 1978.

Vuto limene linamusowetsa tulo Clark linali la manja, la mmisiri: waya ungaukhotetse bwanji m'kanjira kopindika, kopapatiza, osaboola timinofu tosakhwima? Wolimba umabaya, wofewa umapindikira pakhomo. Yankho analipeza ali patchuthi m'mbali mwa nyanja, akulowetsa udzu m'chigoba cha nkhono. Udzuwo unali wolimba kutsinde, wofewa kunsonga, ndipo unkatsata mpindiko bwinobwino. Mawaya a lero, a platinamu okutidwa ndi silikoni, amatsatabe nzeru yomweyo. Chinanso chimene ndimachiyamikira ndi chakuti mbali imene imakwiriridwa pansi pa khungu, kuseri kwa khutu, ilibe batire. Maikolofoni, kakompyuta ndi batire zimakhala kunja; maginito amagwiritsa kambale kakunja pamwamba pa kam'kati, ndipo mphamvu ndi uthenga zimadutsa pakhungu ngati mafunde a wailesi. Chimene chimatha msanga kapena kukalamba anachisiya poti munthu angachisinthe popanda mpeni wa dokotala.

Koma timfundo tambiri tinabwera ndi chipwirikiti chake. M'nkhono muja muli madzi amchere, ndipo magetsi m'madzi otere sakhala malo amodzi, amafalikira. Timfundo tikayaka nthawi imodzi, mphamvu zake zimasakanikirana, munthu n'kumamva chiphokoso chopanda mutu. Apa ndi pamene Blake Wilson ndi anzake a ku Research Triangle Institute, ku North Carolina, anachita chimene ine ndimachiona kukhala chanzeru kuposa zonse m'mbiri imeneyi. Njira yawo, yotchedwa CIS, imene anaifalitsa mu 1991, imachita zimene nyakwawa yabwino imachita pabwalo: aliyense alankhule, koma mmodzimmodzi. Mfundo iliyonse imathwanima kamphindi kochepetsetsa n'kusiyira inzake, ndipo zimazungulira choncho kambirimbiri pa sekondi imodzi, moti ubongo suzindikira kuti akupatsana mpata.

Taonani zimene zimachitika mayi akaitana mwana wake kuti "Bwera kuno." Maikolofoni imatola liwulo. Kakompyuta kamaligawa m'magulu, kuchokera ku mawu otsika mpaka okwera. M'gulu lililonse kamangoyeza chinthu chimodzi: kuti mphamvu ikukula kapena ikuchepa bwanji. Muyezo umenewo ndiwo umatumizidwa ku mfundo ya gululo. Kunjenjemera kwenikweni kwa liwu la mayiyo, kumene kumalisiyanitsa ndi liwu la azakhali, kumatayidwa pafupifupi konse. Njira zakale zina zinkayesa kuchenjera, kakompyuta kakusakasaka mbali za mawu zimene mainjiniya ankaganiza kuti n'zofunika. Ya Wilson sinkafuna kudziwa kuti ichi ndi chilembo chanji. Inkangopereka mthunzi wa phokoso n'kusiyira ubongo. Anthu omwewo, ndi waya yemweyo m'khutu, anayamba kumva ziganizo zimene poyamba zinkawapita. Mu 1995 Robert Shannon ndi anzake anasonyeza kuti ngakhale anthu akumva bwino amazindikira ziganizo zachingelezi zitaphwanyidwa n'kutsala magulu anayi okha. Mu 2013 Clark, Ingeborg Hochmair ndi Wilson analandira mphoto ya Lasker. Anayeneradi, ngakhale kuti ntchito yaikulu, kunena chilungamo, imagwiridwa ndi ubongo wa wovalayo, umene umatha miyezi ukuphunzira kumasulira zimene poyamba zimamveka ngati kulankhula kwa loboti.

Tsono chimene chinatayidwa chija n'chimene chimanyamula kukwera ndi kutsika kwa liwu. N'chifukwa chake ovala kachipangizoka ambiri amatsata bwino kugunda kwa ng'oma, koma maimbidwe a kwaya amawasokonekera, ndipo pamsika kapena paukwati, pamene anthu ambiri akulankhula, liwu limodzi limavuta kulitola. M'Chingelezi munthu atha kutaya kukwera kwa liwu koma tanthauzo n'kutsala. Kwathu kuno si choncho. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga amalembedwa mofanana, khutu ndilo limasiyanitsa. "Ndimapita" atha kukhala wa masiku onse kapena wa zimene zinkachitika kale, malingana ndi pamene liwu lakwera. Ofufuza a ku China anapeza kuti ana ovala kachipangizoka amavutika kwambiri ndi mbali imeneyi ya Chimandarini kuposa anzawo akumva. N'zoona kuti chiganizo chonse chimathandiza, pakuti palibe amene angakwere mtengo wa shuga. Koma mwana amene akuphunzira kumene kulankhula alibe nkhokwe ya ziganizo yoti adalire.

Makampani amakonda kutchula kuchuluka kwa timfundo, ngati kuti 22 ndiye kuposa 12 pafupifupi kawiri. Kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti ovala ambiri sankapindulanso kwenikweni timfundo tikapitirira pafupifupi 8, chifukwa cha kufalikira kwa magetsi kuja. Chiyambire 1991 tizipangizo takunja tachepa msinkhu, tina timalowa m'madzi, tina timalumikizana ndi foni, koma mtima wa lusoli sunasunthe kwambiri. Ku Göttingen, Tobias Moser ndi gulu lake akuyesa kudzutsa mtsempha ndi kuwala m'malo mwa magetsi, popeza kuwala kumalunjika malo amodzi.

Pali anthu osamva amene savomereza n'komwe zoti khutu lawo likufunika kukonzedwa. Mu 1991 bungwe la National Association of the Deaf ku America linatsutsa zoika ana kachipangizoka, ndipo linafewetsa maganizo ake mu 2000. Mantha awo anali omveka: mwana kuletsedwa chinenero chamanja poyembekeza kuti makina achita zonse. Makinawo akawonongeka, kapena batire ikatha, mwanayo samva chilichonse. Kuno kwathu, kumene ana ambiri amasiya kumva chifukwa cha malungo aakulu, matenda oumitsa khosi ndi matsagwidi, mfundoyi ndi yolemera. Ku Tygerberg, ku South Africa, anayamba maopaleshoniwa mu 1986, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre achitikapo, motsogozedwa ndi Dr Wakisa Mulwafu ndi madokotala ochokera ku Britain. Opaleshoniyo ndi ya maola ochepa. Chotsatira chake ndi cha moyo wonse: mabatire, zingwe zoduka, ndi maulendo opita kwa katswiri woyeza makutu, amene amachuna mfundo iliyonse payokha, kufunsa kuti "Mwamva?" mpaka atapeza pamene liwu layamba kumveka ndi pamene layamba kupweteka.

Pa mpando wa katswiriyo, pamene kachipangizo kamachunidwa, m'pamene ife tingaikepo dzanja. Akatswiri athu oyeza makutu, musakhutire mwana akabwereza bwino mawu amene mwamuuza. Muyeseninso ndi mawu athu osiyana pa kakwezedwe ka liwu kokha, mulembe zimene mwapeza, ndipo muzitumize kwa opanga makinawa.